Mkonono ukadukiza, mpweya waima

Masiku khumi omaliza a Ramadhan ali ndi phunziro limene sililembedwa m'mabuku a ku madrasa. Ndi nthawi yokhayo pa chaka pamene amuna akuluakulu, eni makomo ndi eni mabanja, timayala mphasa zathu m'chipinda chimodzi n'kumva m'mene mnzathu amagonera. Aliyense amene anakhalapo pa itikafu akudziwa kuti pakati pa Taraweh ndi daku mzikiti sukhala zii. Wina amatsokomola, wina amabwebweta, ndipo sipalephera mmodzi amene mkonono wake umakamveka mpaka kumipopi yochitira udhu.

Chaka china tinali ndi bambo wina wazaka za m'ma 50, wochita malonda, wathupi lake ndithu, munthu wosaphonya Swala ya pagulu. Anyamata anali atayamba kale kuwanena kumbali kuti ndi chigayo. Usiku wachitatu tinali maso tikuwerenga, ndipo chimene chinatiimitsa kuwerengako sichinali phokoso lija, koma kuleka kwake. Mkonono unkakwera, kukwera, kenaka n'kudukiza ngati wina wathimitsa injini. Chifuwa ndi mimba zinkapitiriza kukoka, koma pamphuno ndi pakamwa panalibe mpweya wolowa. Tinayang'ana wotchi ya pakhoma: masekondi 20, 30, nthawi ina anafika 40. Ndiyeno bambowo ankadzidzimuka ndi kufwenthera kwakukulu ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kutembenuka pang'ono, mkonono n'kuyambiranso. Pasanathe mphindi ziwiri, bata lija linkabweranso. Titawadzutsa kuti adye daku tinawafunsa m'mene agonera. Iwo anati, "Ndagona bwino, a Shehe, koma mutuwu ndiye umangolemera m'mawa uliwonse."

Tiulule cholakwa chathu. Bambo omwewo ndiwo ankasinza pa khutba Lachisanu lililonse, chibwano chili pachifuwa tisanamalize n'komwe gawo loyamba. Kangapo konse tinalalikira za ulesi pa mapemphero maso athu ali kumbali yawo. Tinawakumbutsa malangizo odziwika aja akuti wosinza pa Jumu'a asinthe malo. Anasintha, nakasinza pamalo atsopanowo. Ife ophunzitsa fiqh timadziwa kuyankha ngati tulo ta munthu wokhala pansi mokhazikika timaononga udhu, ndipo malinga ndi madh-hab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira, sitiononga. Koma funso lakuti n'chifukwa chiyani munthu wamkulu akugwa ndi tulo dzuwa lili paliwombo sitinalifunse ngakhale tsiku limodzi.

Madokotala amalitcha vutoli sleep apnea, kutanthauza kuima kwa mpweya munthu ali m'tulo. Tikagona, minofu ya thupi lonse imamasuka, kuphatikizapo ya lilime ndi ya mmero. Kuseri kwa lilime kulibe fupa logwira njira ya mpweya kuti ikhale yotseguka. Kuli mnofu wofewa wokhawokha. Kwa anthu ambiri njirayo imangochepa pang'ono, ndipo mpweya podutsa umagwedeza mnofuwo: umenewo ndiwo mkonono wamba. Kwa ena njirayo imaphwafukiratu, monga chimachitira kapaipi komwera chakumwa ukakayamwa mwamphamvu. Mpweya wa okosijeni umatsika m'magazi, ubongo umazindikira ngozi n'kumudzutsa munthuyo kwa masekondi owerengeka, minofu imakungika, njira imatseguka, mtima n'kugunda mothamanga. Kudzuka kumeneku n'kwakufupi kwambiri moti mwini wake sakukumbukira m'mawa. Ndicho chifukwa chake amalumbira kuti wagona usiku wonse.

Achipatala amawerenga kuima kulikonse kofika masekondi 10, pamodzi ndi kupuma koperewera kwambiri, n'kuona kuti zachitika kangati pa ola. Kuyambira ka 5 mpaka ka 14 ndi vuto laling'ono, ka 15 mpaka ka 29 ndi lapakati, ka 30 kupita m'tsogolo ndi lalikulu. Munthu wa ka 30 pa ola akagona maola 7 wadzutsidwa ka 210 usiku umodzi. Tiyerekeze kuti wina akukugwedezani mphindi ziwiri zilizonse kuyambira Isha mpaka Fajr, chaka ndi chaka, ndiyeno tione ngati mungathe kumvetsera khutba ya theka la ola.

Vutoli si lachilendo ndipo si la anthu ochepa. Linafotokozedwa bwino koyamba mu 1965 ndi madokotala a ku France ndi ku Germany, mmodzi mwa iwo Henri Gastaut wa ku Marseille, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Christian Guilleminault wa ku yunivesite ya Stanford anasonyeza kuti limagwiranso anthu osanenepa ndi ana omwe. Mu 2019 akatswiri anayerekeza kuti anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 pa dziko lonse ali nalo, ndipo mwa iwowa 425 miliyoni ali ndi lapakati kapena lalikulu.

Chimene chimaonongeka si tulo tokha. Kudzidzimuka kulikonse kumakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo pakapita zaka magaziwo amakhala othamanga ndi masana omwe. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera. Sitikunena kuti onsewo ndi a mkonono, koma madokotala amadziwa kuti pakati pa anthu amene BP yawo imakana kutsika ngakhale akumwa mitundu itatu ya mankhwala, ambiri amapezeka kuti amabanika kutulo. Vutoli limayendanso limodzi ndi sitiroko, kusagunda bwino kwa mtima ndi matenda a shuga. Pali zina zimene anthu saziganizira kuti zimachokera pakhosi: kudzuka katatu kanayi usiku kukataya madzi, kukamwa kouma m'mawa, kuiwalaiwala, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, ndi kuchepa mphamvu m'banja. Mabanja angapo amene timakhalira pakati pa milandu yawo akanayamba aonana ndi dokotala asanafike kwa ankhoswe.

Ndipo pali chiwongolero. Kafukufuku wosiyanasiyana wapeza kuti woyendetsa galimoto amene ali ndi vutoli ndipo sakulandira chithandizo amachita ngozi kuposa kawiri poyerekeza ndi anzake. Abale athu ambiri amadya za mumsewu: a minibasi pa M1, a malole a ku Beira, Dar es Salaam ndi Johannesburg. Apa tilankhula monga Mashehe. Amene tulo tamupitirira mpaka nthawi ya Swala kudutsa alibe tchimo, amaswali akadzuka. Koma amene akudziwa kuti amasinza pa chiwongolero, nanyamulabe anthu 16 osafuna chithandizo, akusewera ndi miyoyo imene anasungitsidwa.

Mboni yagona pambali panu

Wodwala matendawa sangadzione yekha. Mboni yake ndi amene amagona naye chipinda chimodzi, ndipo kawirikawiri ndi mkazi wake. Apa ndi pamene chikhalidwe chathu chimatipinga. Mayi amaopa kunena kuti bambo akunyumba amaliza mkonono, poganiza kuti n'kuwachotsera ulemu kapena kutulutsa za kuchipinda. Ena amangosamukira kuchipinda cha ana, banja n'kuyamba kuzizira popanda amene watchula chifukwa chake. Tinene momveka: kufotokozera dokotala m'mene mwamuna wanu amapumira usiku si miseche ndipo si kuulula chinsinsi. Ndi umboni umene wodwalayo sangaupereke yekha. Masiku ano foni ya m'manja imathandiza. Jambulani mawu kapena kanema wa mphindi zisanu pamene mkonono ukudukiza, mukamuonetse dokotala, osati apongozi kapena anzanu a pagulu la WhatsApp.

Ifenso Mashehe tili ndi mbali yathu. Anthu amabwera kwa ife n'kunena kuti usiku chinachake chimawakanyanga pakhosi, amadzuka mtima ukugunda, thukuta lili kamukamu, ndipo maganizo awo amathamangira ku majini kapena kwa mnansi amene anakangana naye za malire a munda. Kuwawerengera ndi kuwaphunzitsa ma dua a pogona n'koyenera. Koma sikutiletsa kufunsa mafunso awiri: kodi mumaliza mkonono, nanga akunyumba amati chiyani? Mafunso awiri amenewa angathe kupulumutsa mtima wa wodwalayo ndi mbiri ya mnansi wosalakwa uja.

Mu 2008 dokotala wa ku Toronto, Frances Chung, ndi anzake anakonza mafunso 8 otchedwa STOP-Bang amene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito. Amafunsa za mkonono waukulu, kutopa kapena kusinza masana, ngati wina anaonapo mpweya ukuima, BP yokwera, kunenepa kwambiri, zaka zoposa 50, khosi loposa masentimita 40 kuzungulira kwake, ndi kukhala mwamuna. Amene wayankha inde pa atatu ayenera kukaonana ndi dokotala. Wa asanu kapena kuposa apo asazengereze. Tepi ya telala ndi yokwanira kuyeza khosi. Chitsimikizo chenicheni chimachokera ku kuyezedwa usiku wonse, kaya m'chipatala kapena kunyumba ndi kachipangizo koyeza mpweya pamphuno ndi okosijeni pachala. Poyambira pake ndi dokotala amene amakuonani za BP, kapena gawo la makutu, mphuno ndi pakhosi monga limene lili ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Mafunsowo amatchula amuna, koma amayi asadzione ngati apulumuka. Akasiya kupita kumwezi chiwerengero chawo chimayandikira cha amuna, ndipo kwa iwo vutoli limabisala kuseri kwa kusowa tulo, mutu ndi kufooka. Mayi amachita manyazi kwambiri kuvomera mkonono kuposa bambo, motero amachedwanso kuthandizidwa.

Za ana tiwauze aphunzitsi anzathu a ku madrasa. Mwana amene amapuma ndi pakamwa, amaliza mkonono usiku uliwonse, amakodzera pogona atakula kale, ndipo m'kalasi sakhazikika kapena amangosinza, kawirikawiri amakhala ndi ma tonsils aakulu kapena mnofu wotupa kuseri kwa mphuno. Ana ambiri otere amachira akachitidwa opaleshoni yochotsa minofuyo. Musanatole ndodo chifukwa sura yakana kulowa m'mutu, itanani kholo mulifunse m'mene mwanayo amagonera.

Zimene zili m'manja mwathu

Chachikulu ndi kulemera kwa thupi, ndipo apa tikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene timadzinamiza kwambiri. Kwathu kuno mimba yotsogola timaitcha ya bwana, ndipo mwamuna akanenepa atakwatira timayamikira mkazi wake. Koma mafuta sakhala pamimba pokha. Amaunjikana m'mbali mwa mmero ndi m'kati mwa lilime lenilenilo. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Pennsylvania wa mu 2020 anaonetsa kuti odwala akachepa thupi, kuchepa kwa mafuta a m'lilime kumayendera limodzi ndi kupuma bwino usiku. Kafukufuku wina wa ku Wisconsin, wofalitsidwa mu 2000, anatsata anthu kwa zaka zingapo n'kupeza kuti kuonjezera kulemera ndi maperesenti 10 kumachulukitsa kubanikako ndi maperesenti pafupifupi 32, pamene kuchepetsa ndi maperesenti 10 kumakutsitsa ndi maperesenti pafupifupi 26. Kwa bambo wa makilogalamu 100, tikunena makilogalamu 10. Si ntchito ya sabata imodzi, komanso si phiri losakwereka.

Makilogalamu 10 amenewo akubisala m'malo odziwika. Ali mu mtanda wachitatu wa nsima, m'mandasi a mmawa, mu mpunga wonona wa pa ukwati ndi pa sadaka, ndipo koposa zonse ali mu tiyi. Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga woonjezera asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masipuni aang'ono 12. Amene amathira masipuni atatu m'kapu n'kumwa makapu anayi wamaliza kale gawo lake asanatsegule botolo la chakumwa chozizira, lomwe palokha lili ndi masipuni pafupifupi 8. Ife amene timayendera makomo a anthu tikudziwa kuti kukana kapu ya tiyi pakhomo pa Msilamu n'kovuta kuposa kusala tsiku lonse. Tinaphunzira kupempha kuti shuga abwere payekha m'mbale.

Chiphunzitso cha Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) chogawa mimba patatu timachidziwa pamtima, ndipo gawo lachitatulo ndi la mpweya. Timachiiwala makamaka m'mwezi umene chinayenera kukumbukiridwa. Futari ya masiku ano ndi phwando la zokazinga, ndipo tikabwera ku Taraweh timadyanso kachiwiri n'kugona mimba ili ndendende. Mimba yodzaza imakankha chifuwa, imabweza asidi kummero, ndipo tulo tochepa ta mwezi umenewu timachititsa kuti minofu ya pakhosi ifooke kwambiri munthu akangogona. Kilogalamu imodzi kapena ziwiri zimene ena amataya m'Ramadhan zimabwerera pasanathe milungu ingapo Eid itadutsa. Amene akufuna kuti mweziwo umuthandize adye chakudya chachikulu pa futari, mopepuka pambuyo pa Isha, ndipo pakhale maola awiri kapena atatu pakati pa mbale ndi pilo.

Kuyenda kumathandiza ngakhale sikelo isanasunthe. WHO imanena mphindi zosachepera 150 pa sabata. Amene nyumba yake ili mtunda wa mphindi 10 kuchokera ku mzikiti, akasiya galimoto kapena kabaza pa Swala ziwiri zokha patsiku, wayenda mphindi 40, ndipo pakutha pa sabata wapitirira muyezowo.

Chachiwiri ndi kagonedwe. Munthu akagona chagada, lilime ndi chibwano zimagwera kumbuyo n'kutseka njira. Pafupifupi theka la odwala matendawa amabanika kawiri kapena kuposa apo akagona chagada poyerekeza ndi pamene agona cham'mbali. Sunnah yogonera kumanja tinaiphunzira tili ana, ndipo pano ikukumana ndi malangizo a chipatala. Amene phewa lakumanja limamuvuta, kumanzere n'kwabwinobe kuposa chagada. Vuto n'lakuti timayamba usiku tili cham'mbali koma pofika pakati pa usiku tagadama. Njira yakale ndi kusokera kathumba kumsana kwa malaya ogonera n'kuikamo mpira wa tenesi, kuti ukafuna kugadama ukubaye. Kumene kulibe mpira wotero, chitsononkho cha chimanga chimagwira ntchito yomweyo. Ambiri amatopa nayo njirayi pakapita miyezi, choncho ndi bwino kuithandizira ndi pilo wautali kumsana ndi kukweza kumutu kwa bedi ndi njerwa.

Za mowa sitichulukitsa mawu pa tsamba lino, kupatula kunena kuti umafooketsa minofu ya pakhosi ndi kuchedwetsa ubongo kudzutsa munthu wobanika. Chimene chimatikhudza kwambiri ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam, ndi mankhwala amphamvu opha ululu a mtundu wa morphine ndi codeine. Munthu wotopa masiku onse amaganiza kuti akusowa tulo, nakagula mapiritsi popanda kalata ya dokotala, osadziwa kuti akugonetsa mlonda yekhayo amene amamudzutsa mpweya ukaima. Pa chifukwa chomwecho, amene akukachitidwa opaleshoni iliyonse awauze ogonetsa odwala za mkonono wake. Fodya, wa ndudu kapena wa shisha amene achinyamata a m'tauni amukonda, amatupitsa mphuno ndi mmero. Mphuno yotsekeka chifukwa cha fumbi, utsi wa mbaula kapena chimfine chosatha iyenera kuthandizidwa payokha.

Palinso masewera olimbitsa lilime ndi mmero. Mu 2009 madokotala a ku São Paulo ku Brazil anaphunzitsa odwala a vuto lapakati kukankha lilime kumwamba kwa m'kamwa, kulikokera kumbuyo ndi kutchula mawu ena mobwerezabwereza, mphindi 30 patsiku kwa miyezi itatu, ndipo kubanika kunatsika ndi maperesenti pafupifupi 39. Ku Switzerland mu 2006 anapeza phindu mwa odwala amene anaphunzira kuimba chitoliro chachitali cha ku Australia chotchedwa didgeridoo. Tikudziwa kumene maganizo a owerenga athu athamangira: ku tajwid ndi zilembo zotulukira pakhosi. Tisafulumire kukwera nazo pa mimbari. Tamvapo ma hafidh a mawu okoma akuliza mkonono wogwedeza malata.

Makina a pamphuno

Zonsezi zimachepetsa vuto, ndipo kwa wa vuto laling'ono zingathe kukwanira. Kwa wa vuto lalikulu sizikwanira, ndipo kumuuza kuti adikire kaye achepe thupi n'kumusiya akubanika chaka china chathunthu, ali wotopa moti sangathe n'kuyenda komwe. Chithandizo chake chachikulu ndi makina otchedwa CPAP.

Chaka cha 1980 chisanafike, wodwala kwambiri ankabooledwa pakhosi kuti mpweya uzilambalala malo otsekekawo. Chaka chimenecho dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, anayesa kupopera mpweya pamphuno pa wodwala wogona pogwiritsa ntchito injini ya makina okokera fumbi m'nyumba, ataitembenuza kuti iziuzira. Mpweya wopanikizika pang'onowo unagwira mmero kuti usaphwafuke, monga mpweya umagwirira chubu cha njinga. Mu 1981 anafalitsa zotsatira za odwala asanu m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Amayi ambiri a m'dziko muno anawaonapo makina a nzeru yomweyi m'mawodi a makanda: Pumani, amene anakonzedwa ndi yunivesite ya Rice ya ku Houston mogwirizana ndi chipatala cha Queen Elizabeth, amathandiza ana obadwa masiku asanakwane kuti mapapo awo asafote. Matenda ndi osiyana ndipo makina a mwana sangagwire ntchito kwa wamkulu, koma amene anaona khanda likupuma ndi timapaipi pamphuno sayenera kuopa CPAP ya agogo ake a khandalo.

Makinawa sachiza, amagwira ntchito usiku umene avalidwa basi. Ndipo kuwavala si kophweka. Chophimba cha pamphuno chimathina kapena kutaya mpweya m'maso, mphuno imauma, ena amamva ngati atsekeredwa. Odwala ambiri, m'kafukufuku wina mpaka theka, amawasiya kapena kuwavala maola ochepa. Mu 2016 kafukufuku wamkulu wotchedwa SAVE, wa odwala 2,717 amene anali kale ndi matenda a mtima kapena sitiroko, anapeza kuti CPAP inachepetsa kusinza masana, inakonza mtima wa chisangalalo ndi kuchepetsa masiku ojomba kuntchito, koma sinachepetse chiwerengero cha odwalanso mtima. Odwalawo ankaivala maola 3.3 okha pa usiku. Tikutchula zimenezi kuti wina asakulonjezeni zoposa zimene zatsimikizika, ndiponso kuti mapiritsi a BP asatayidwe chifukwa makina afika pakhomo. Milungu iwiri yoyamba ndiyo imagamula. Amene wavutika asinthe mtundu wa chophimba, ayesere kuchivala masana akumvera wailesi, ndipo abwerere kwa dokotala m'malo moika makinawo pamwamba pa wadiropu.

Pali mfundo imodzi yokhudza ife makamaka. Tulo ta maloto, pamene minofu imamasuka kotheratu ndipo kubanika kumatalika, timachuluka cha kum'bandakucha. Ambiri a ife timadzuka pa Fajr n'kukagonanso ola limodzi kapena awiri. Tulo timeneto ndi tomwe timafuna makina kwambiri, koma ndi tomwenso anthu amachita nato ulesi kuvalanso chophimba. Chimodzimodzi tulo ta masana. Za funso la Swaumu, mpweya si chakudya kapena chakumwa. Amene mtima wake sukukhazikika ndi nthunzi ya kabotolo ka madzi konyowetsa mpweya angathe kuzimitsa gawo limenelo akamagona masana.

Magetsi athu tonse tikuwadziwa. Mwayi wake, makinawa sadya moto wambiri akazimitsidwa mbali yotenthetsa madzi, ndipo ambiri amatha kuyendera batire lotchajidwa ndi sola ngati pali chingwe choyenera. Wopita ku Hajj aganizire za batire msanga, poti usiku wa ku Muzdalifah umagonedwa panja. Chenjezo lina ndi la makina akale otumizidwa ndi achibale a ku South Africa kapena ku Britain. Mphamvu ya mpweya imatcheredwa molingana ndi mmero wa munthu mmodzi, choncho makina a malume sangangovalidwa ndi mphwawo popanda dokotala kuwaona. Komanso mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina mamiliyoni angapo, kuphatikizapo DreamStation oyamba, chifukwa thonje loletsa phokoso m'kati mwake linkanyenyeka n'kutha kulowa m'njira ya mpweya. Wolandira mphatso yotere ayambe wafufuza dzina ndi chaka cha makinawo.

Amene CPAP yamukanika, kapena vuto lake ndi laling'ono kapena lapakati, dokotala wa mano angathe kumupangira chovala cha m'kamwa chokokera chibwano kutsogolo pang'ono usiku. Sichifuna magetsi, chimakwana m'thumba la kanzu, koma chimafuna mano olimba ndipo pakapita zaka chingasunthe kalumidwe. Opaleshoni ya pakhosi kwa akuluakulu siithandiza aliyense monga imachitira kwa ana. Imayenera pamene pali chotchinga chooneka, monga ma tonsils aakulu kapena fupa la mphuno lopindika. Ku America, kuyambira 2014 kuli kachipangizo koikidwa pansi pa khungu kamene kamatakasa mtsempha wa lilime, ndipo mu December 2024 boma la kumeneko linavomereza jekeseni wa sabata ndi sabata wa tirzepatide kwa odwala onenepa kwambiri. Mitengo ya ziwirizi ili kutali ndi matumba a ambiri a ife. Zopopera pakhosi ndi timabotolo ta zitsamba togulitsidwa m'mabasi kuti timathetsa mkonono sititsegula mmero wophwafuka, ndipo mkonono wochepa phokoso si umboni wakuti mpweya ukulowa.

Bambo aja tinawaitana Eid itapita, ndipo tinapempha kuti abwere ndi mayi akunyumba. Tinayamba ndi kupepesa za maulaliki aja. Mayiwo anakhala chete nthawi yaitali, maso ali pansi, kenaka anati, "A Shehe, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ine sindigona. Ndimakhala ndikuwagwedeza bambowa kuti apume." Mwamuna wawo anawayang'ana modabwa, kanali koyamba kumva zimenezo.

Anayezedwa atapita kukaona mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo anabwerako ndi makina. Mwezi woyamba anawada, kawiri konse anafuna kuwagulitsa. Tiyi wa masipuni atatu anamusiya, koma mpunga wa pa sadaka mpaka lero timakanganirana. Thupi latsika pang'ono, osati monga dokotala anafunira, ndipo mapiritsi a BP akumwabe. Pa itikafu ya chaka chotsatira anafika msanga kudzapempha malo a pafupi ndi soketi ya kumbuyo kwa mimbari. Usiku wa 27 magetsi anazima cha m'ma 1 koloko, batire anali ataliiwala kunyumba, ndipo tinawaona akufufuza m'chikwama mwawo ndi kuwala kwa foni, natulutsa malaya akale okhala ndi kathumba kumsana.